Chipidigoli Chotseka

Mwanza Boma, 1994

Za ubwana wanga ndazidumpha dala, ana anga, chifukwa munazimva kale kwa amalume anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa mmene zinalili. Ndiyambira pamene ndinagwira choko. Chinali chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana n'kukhamukira m'makalasi ngati ngumbi mvula itagwa. Aphunzitsi anachepa, ndiye anatitola ife amene tinangokhala pakhomo ndi masatifiketi athu, n'kutiphunzitsa mothamanga, basi n'kutiponya m'kalasi. Ine anandiponya pa sukulu ina pafupi ndi Boma, m'mbali mwa msewu wa magalimoto akuluakulu opita ku Mozambique. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango. Galimoto ikamadutsa ndinkasiya kaye kulankhula, ndipo pofika masana mawu amakhala atasasa.

Zamasewera ndinazilowa mwangozi. Pamsonkhano wa aphunzitsi ahedi anafunsa ngati pali amene anasewerapo mpira wamanja, ndipo ine, poti ndinali ndisanadziwe kuti pamsonkhano munthu sakweza dzanja msanga, ndinakweza. Kuyambira tsiku limenelo masewera onse anali anga: mpira, mjaha, ngakhale kulima bwalo. Patapita nthawi ananditumiza ku Blantyre kumaphunziro a masiku ochepa amene ankachititsa alendo ena ochokera kunja. Kumeneko anatiphunzitsa kugubuduka pa matilesi, kuima ndi manja ndiponso kuchita chipidigoli chowongoka, ndipo pomaliza anatipatsa aliyense buluku la masewera. Lamulo loletsa akazi kuvala buluku linali litangotha kumene, koma maso a anthu anali asanamve kuti latha. Langalo ndinkalivala mkati mwa chitenje, n'kumasula chitenjecho ndikafika pabwalo.

Thambani, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Bambo anu atamwalira ndinapempha sukulu yokhala ndi nyumba ya mphunzitsi, ndipo anandipatsa sukulu ina cha ku Thambani. Nyumbayo inalipodi, kungoti denga lake linkadontha paliponse kupatula pakhomo. Iwe Tadala unali kumsana, sungakumbuke. Ahedi a kumeneko anali a Chimbalanga, bambo wamtali wowerama, amene ankangodikira tsiku lopuma pantchito. Sanali munthu woipa, anali wotopa chabe. Tsiku loyamba nditawafunsa za zipangizo za masewera anatsegula kabati n'kundionetsa wezulo yosalira ndi neti yodyedwa ndi makoswe.

"Ndi zimenezi, Madamu," anatero. "Chitani zimene mungathe, bola zisandipeze mu ofesi."

Mpira tinkasewera wachikulunga. Matilesi tinapanga tokha, tinatenga matumba a feteleza n'kusokeramo makoko a chimanga, koma mbuzi za ahedi zomwezo zinawatulukira n'kuwaboola onse. Ndinagwa ulesi wosokanso. Chimene sichinkafuna chipangizo chinali chipidigoli, ndipo ana a kumeneko ankachidziwa kale, makamaka anyamata, amene ankachiphunzira koweta. Chawocho chinali chokhotakhota, mawondo opinda, matako kumbuyo, koma mantha analibe. Ntchito yanga inali yongowongola: manja awiri pamzere umodzi, miyendo itambasuke m'mwamba, phazi lina litsike, linzake litsatire. Atsikana poyamba ankangoonerera akuseka. Kenaka ndinawatengera kuseri kwa kalasi, ndipo mmodzimmodzi anayamba kuyesa.

Mwa iwo munali Felesiya, wa Sitandade 7. Anali wamkulu kuposa anzake chifukwa sukulu anaiyamba mochedwa. M'kalasi ankakhala kumbuyo ali duu, ukamufunsa funso ankayang'ana pansi mpaka iwe wofunsawe uchite manyazi. Koma pabwalo anali munthu wina. Chipidigoli chake chinali chowongoka ngati anachita kuchiyeza ndi chingwe, ndipo akatera pansi sipankamveka phokoso. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinaonenso mwana wa thupi lomvera choncho. Ndinkamukonda, ndinene zoona, ndipo masiku ambiri chimene chinkandidzutsa pamphasa kupita kusukulu ija chinali kukamuona iyeyo.

Tsiku lina masana nditaweruka ndinamva odi pakhomo. Anali amayi ake a Felesiya, aNangozo, atanyamula manachesi m'kabeseni. Mpando anaukana, anakhala pansi pakhonde n'kukonza chitenje. Tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za iwe Tadala amene unali ndi chifuwa, kenaka anafika pa chimene anadzera.

"Madamu, ine sukulu sindinapiteko, ndiye mundikhululukire ngati ndikufunsa zopanda nzeru. Kodi chipidigoli chimabwera pamayeso?"

"Ayi, mayi, sichibwera."

"Nanga mwana wanga mukumuimikiranji chadodolido?"

Ndinayamba kufotokoza za kulimbitsa thupi, iwo n'kumangogwedeza mutu mwaulemu mpaka ndinamaliza. Ndiye anati, "Felesiya tamulanga chaka chomwe chino, ndi namwali ameneyu. Alangizi anamuuza mmene mkazi amakhalira pansi, mmene amatolera chinthu, anamuuza kuti azitseka miyendo. Lero ndikumva kumsika kuti mwana wanga ali miyendo m'mwamba ngati sizasi, anyamata a njinga akusuzumira pampanda. Amalume ake anena kuti akangomvanso kamodzi, sukulu yathera pomwepo. Akuti mtsikana amene wayamba kuonetsa miyendo ndiye kuti wakula, angomupezera banja. Ine ndikufuna alembe mayeso, Madamu. Kwathu kulibe mkazi amene anafika Sitandade 8."

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandipweteka. Akanakalipa ndikanapeza powayankhira. Mmawa mwake ndinamuitana Felesiya n'kumuuza kuti zamasewera asiye kaye. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita.

"Ndiye ndizibwera kudzatani, Madamu?"

"Kudzaphunzira."

"Masamu ndimalephera, Chingerezi ndimalephera. Ahedi amandiitana kuti iwe wamtaliwe. Dzina langa amalidziwa kubwalo kokha."

Sabata imeneyo sanabwerenso kusukulu, yotsatira anabwera tsiku limodzi. Ndinagwira njakata. Ndikamusiya pabwalo amalume ake amuchotsa sukulu, ndikamuchotsa pabwalo adzichotsa yekha.

Nyengo ya manachesi, chaka chomwecho

Nzeru inandibwerera ndikuchapa kumtsinje. Mawu aja a aNangozo akuti azitseka miyendo ankangondizungulira m'mutu, ndiye ndinakumbukira kuti ku Blantyre anatiphunzitsa chipidigoli china chovutirapo, chimene ndinali ndisanaphunzitsepo mwana aliyense. Alendo aja anali ndi dzina lake m'chinenero chawo, ine ndinangochitcha chotseka. Munthu amathamanga pang'ono, n'kudumpha kamodzi, n'kuponya manja pansi, koma dzanja lachiwiri amalitembenuza kuti zala ziloze kumene wachokera. Miyendo ikangofika pamwamba amaimenyanitsa pamodzi, n'kukankha nthaka ndi mapewa, n'kutera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi atayang'ana kumbuyo. Chipidigoli wamba miyendo imakhala yotambasuka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ichi chimatha miyendo ili pamodzi.

Ndinapita kwa aNangozo n'kuwapempha kuti andibwereke mwanayo mpaka manachesi atatha, osati pabwalo la sukulu koma pamchenga kumtsinje, kumunsi kwa pochapira akazi, kumene mwamuna safika. Ndinawauza kuti pakutha pake abwere adzaone okha, akadzakana ndidzasiya. Anavomera mokayika. Kenaka ndinatenga buluku langa lija n'kupita nalo kwa telala ku Thambani kuti adule miyendo. Kumtunda kunatsala kabudula wanga, miyendoyo anasokera Felesiya kabudula woti azivala mkati mwa diresi. Telalayo ankadula akupukusa mutu, akuti nsalu yabwino chonchi.

Tinkapita tikaweruka, ine, Felesiya ndi atsikana ena ochepa. Musaganize kuti zinali zosangalatsa. Ndinkakhala nditaima m'kalasi kuyambira mmawa, kunyumba kukundidikira madzi, nkhuni ndi inu, mchenga ukuwotcha mapazi. Chotseka chimavuta pa chifukwa chimodzi: thupi likazolowera kutambasula miyendo limakana kuitseka, poti ukatseka uli chadodolido umamva ngati ukugwa chagada. Atsikana ena aja anachipeza msanga chifukwa analibe chizolowezi choti asiye. Felesiya, katswiri uja, ndi amene chinamukanika. Ankafika pamwamba bwinobwino, ine n'kukuwa kuti "Tseka!" koma phazi lina limakhala litatsika kale. Ndinkamugwira m'chiuno n'kumuimika ndi manja kuti amve mmene miyendo imakhalira ikakumana. Ndinajambula pamchenga poika manja. Ndinamumanga kansalu pabondo kuti azikakhudza ndi bondo linzake. Zonsezo ayi.

Tsiku lina anakhala pansi n'kuyamba kulira, akuti thupi lake ndi louma ngati mutu wake. Ndinapsa mtima, osati ndi iyeyo, koma ndi amene anamuuza kuti mutu wake ndi wouma. Ndinavula chitenje n'kumuonetsa ndekha, ine mayi wa ana atatu amene ndinali ndisanachite chotseka chichokereni ku Blantyre. Kutseka ndinatseka, koma dzanja lamanja linalowa mumchenga n'kupindika. Ndi dzanja lomweli limene mumandiseka kuti limalosera mvula. Atsikana anathamanga kudzandidzutsa, koma Felesiya anangoima akuyang'ana pamene ndinatera. Kenaka anabwerera m'mbuyo, anathamanga, ndipo ndisanakuwe n'komwe ndinamva mapazi akugundana m'mwamba. Anatera ndi onse awiri, n'kudumphanso pang'ono ngati mpira. Ndinaiwala dzanja.

ANangozo anabwera Loweruka lina atasenza zochapa, kuti anthu asadziwe chimene adzera. Anatula beseni, anakhala pamwala, sanapereke moni kwa mwana wawo. Felesiya anapisira diresi m'kabudula, anathamanga, ine ndinakuwa, iye anatseka, anatera. Ndinatembenuka kuyang'ana amayi ake.

"Watseka mochedwa," anatero. "Abwerezenso."

Anabwereza. Ulendo uno amene anakuwa kuti "Tseka, iwe!" anali amayi akewo, mwamantha, atadzuka pamwala paja. Akazi amene ankachapa kumtunda anaseka chikhakhali, iwonso anaseka ataphimba kukamwa ndi chitenje. Atakhalanso pansi anati, "Koma poyambapo amatsegulabe, Madamu."

"Pang'ono pokha, mayi. Popanda kutero sangakwere."

Anayamba kufinya malaya amene anali asanawanyike n'komwe. Ndiye anati, "Amalume ake ndikawauza kuti aphunzitsi akumuphunzitsa kutseka miyendo. Sindikhala nditanama. Koma zikhale za kuno kumtsinje, pa akazi okhaokha. Pamaso pa amuna ayi. Mundilonjeze, Madamu, chifukwa amene akaime pamaso pa achimwene anga ndine."

Ndinalonjeza. Felesiya anayambanso kubwera kusukulu tsiku lililonse, ndipo pena ankakweza dzanja m'kalasi.

Chilimwe chotsatira

Felesiya atalowa Sitandade 8, mbiri inali itatuluka. Atsikana aang'ono ankachita chotseka pa nthawi yopuma, wina akawayamikira ankati, "Mukanaona cha Felesiya." Nkhaniyi inamupeza mlangizi wa sukulu za m'dera lathu, Mayi Gondwe, wochokera kumpoto, amene ankayendera sukulu pa njinga yamoto atavala buluku osaopa munthu. Poti anali mkazi ndinapita naye kumtsinje. Ataona anagwira pakamwa. Tsiku lomwelo anandiitanira mu ofesi ya ahedi n'kunena kuti ku Boma kukhala tsiku la masewera la sukulu zonse, kudzakhala akuluakulu, ndipo Felesiya akaonetse chipidigoli chakecho pakati pa bwalo. A Chimbalanga, amene ndinali ndisanawaonepo akusangalala, anali akusisita manja. Ankafuna kuti asanapume sukulu yawo itchulidweko kamodzi pa chinthu chabwino.

Ndinawafotokozera za lonjezo lija. Mayi Gondwe anavula magalasi.

"Madamu, ino ndi nthawi ya ufulu. Inu ndinu mkazi, mphunzitsi, ndipo mukubisa mwana kumtsinje ngati ali ndi nthenda. Mukudziwa atsikana angati angalimbe mtima atamuona ameneyu?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndiye vuto n'chiyani? Amalumewo ndikalankhula nawo ndekha."

"Mukalankhula nawo, akuvomerani bwinobwino, akupatsaninso nkhuku. Mukakwera njinga yanu, mwanayo atsala kuno."

Anavalanso magalasi awo. Ahedi anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Basi, zandipeza mu ofesi." Mayi Gondwe sankalakwa, ana anga, ndipo mpaka lero sindinena kuti ankalakwa. Ankaona atsikana a boma lonse, ine ndinkaona mmodzi amene anatsala ndi miyezi yochepa kuti alembe mayeso. Anandipatsa masiku oti ndiganize, ndipo sindinadye bwino masiku amenewo. Chimene chinandivuta kwambiri sichinali mabwana. Felesiya anali atamva kale, ndipo anandipeza ndikufufuta bolodi ana onse atatuluka.

"Madamu, akuti ndikupita ku Boma?"

"Supita, Felesiya."

"Amalume sakakhalako."

"Kukakhala anyamata a njinga ndi a mapikapu. Nkhani idzafika kuno iwe usanatsike galimoto."

"Ndivala kabudula. Nditseka msanga, Madamu, sakaona kanthu."

"Ndinawalonjeza amayi ako."

"Ndiye munandiphunzitsiranji?" anatero. "Kuti azindionera achule?"

Ndikanamuuza kuti ndinamuphunzitsa kuti asasiye sukulu, akanamva ngati chipidigoli chonse chinali nyambo, ndipo sichinali nyambo chabe. Ndinangoti apite kwawo. Mmawa mwake ndinakauza ahedi kuti ku Boma nditenga anyamata ndi tiatsikana ta Sitandade 3, ndipo ngati akufuna Felesiya akamutenge okha kwa amayi ake. Ahediwo sanapite. Tsiku la masewera tinakwera pikapu pamsika wa Thambani. Felesiya anali ataima patsidya pa msewu, m'manja muli chigubu cha palafini ngati watumidwa. Ana anamuimikira manja akukuwa dzina lake, iye osakweza ngakhale chala. Galimoto itanyamuka fumbi linamukwirira. Ku Boma ana anga anachita bwino ndithu, anthu anawomba m'manja, koma ine maganizo anali pa Lolemba, ngati adzabwere kusukulu kapena ayi.

Lolemba belu linalira, ana anafola, anaimba, analowa m'makalasi, iye kulibe. Ndinayamba phunziro maso ali pazenera. Chapakati pa phunzirolo ndinamuona akubwera m'kanjira ka kumtsinje, osathamanga. Analowa osagogoda, anafika patebulo langa n'kuikapo kabudula uja, wochapa, wopinda bwino.

"Kabudula wanu uyu, Madamu."

"Nanga kumtsinje?"

"Ndabwera kudzaphunzira. Si zimene mumafuna?"

Anakakhala kumbuyo pamalo pake n'kutsegula kope. Ndinatembenukira kubolodi n'kulemba zinthu zimene sindikuzikumbuka, kuti ana asaone nkhope yanga.

Nthache, chaka chotsatira

Felesiya sanajombenso mpaka mayeso, ndipo anawalemba, mkazi woyamba kwawo kufika pamenepo. ANangozo anabwera kudzathokoza, anagwada pakhonde, ine n'kuwadzutsa. Koma Felesiya sanapondenso pamchenga paja, ndipo sanandipatsenso moni kupatula umene ana onse amapereka mphunzitsi akalowa m'kalasi. Zotsatira zisanatuluke anandisamutsira ku sukulu ina kwa Nthache. Sanandiuze chifukwa, inenso sindinafunse. Tsiku lokweza katundu anabwera ana ambiri kudzanyamula mipando ndi mapoto, ndinayang'ana mpaka galimoto itanyamuka, iye sanabwere.

Mwandifunsapo ngati ndikanasintha, zikanati zibwererenso. Sindikanasintha, ndikanamukanizanso. Koma musaganize kuti munthu ukachita choyenera umapepukidwa, ine sindinapepukidwe. Kwa Nthache ahedi atafunsa pamsonkhano amene amadziwa zamasewera, ndinapinda manja. Ana a kumeneko nawonso ankachita chipidigoli pa nthawi yopuma, chokhotakhota, mawondo opinda, ndipo panali kamtsikana kena kamene kankangofunika kukawongola pang'ono. Ndinkadutsa pomwepo ndi mabuku anga, osaima.